Bango Loyezera Mfumu Sindikufa

Ufumu wa Vomerezani simungaupeze pa mapu, ndipo musataye nthawi kufunsa akondakitala kudepoti. Amene anafikako amati njira yake ndi yosasowa, mumangotsata kumene mitengo yatha. Mitengo yonse ya dzikolo inapita m'matumba a makala, kupatula kankhalango kamodzi pamwamba pa phiri la Chetechete. Kameneka kanatsala osati chifukwa anthu anali ndi chifundo, koma chifukwa anali manda, ndipo wootcha makala ngakhale alimbe mtima bwanji, akafika pamenepo nkhwangwa imamulemera. M'munsi mwa mandawo munkatumphuka kasupe, ndipo kasupeyo ndiye ankamwetsa mudzi wa Tikadalipo, ng'ombe zake ndi madimba ake onse.

Wolamula dzikolo anali Mfumu Yaikulu Sindikufa Wachinayi. Atatu oyamba aja sanasunge lonjezo la dzina lawo, ndipo chimenechi chinkamusowetsa mtendere wachinayiyu. Analamula kuti kunyumba yachifumu mawu akuti maliro asamveke, kuti bokosi lalitali lisadutse pamsewu wa kulikulu, ndiponso kuti munthu akamwalira azinenedwa kuti wapita kutchuthi. Nduna zake zinali makumi atatu ndipo ntchito zawo zinali ziwiri, kuwomba m'manja ndi kudikira nthawi yowombanso. Lamulo lalikulu la dzikolo, limene ana ankaloweza kusukulu asanadziwe n'komwe kulemba dzina, linkati munthu akafunsidwa n'kukhala chete ndiye kuti wavomera.

Ku Tikadalipo kunali bambo wina dzina lake Alufeyo Kankhwani, mkulu wa adzukulu, anthu aja amene amakumba manda ndi kuika maliro. Anali wamfupi, wamsana wopindika ndi khasu, koma pakamwa pake panali powongoka kwambiri. Mwambo unkamulola. Mdzukulu akakhala pantchito yake ankatha kunena chilichonse kwa aliyense popanda kuzengedwa mlandu, ndipo Alufeyo ufulu umenewu sankausiya kuti uchite dzimbiri. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi anayeza anthu a m'mudzimo ndi bango, onyada ndi ofatsa omwe, ndipo ankakonda kunena kuti sanapezepo munthu wotalika ngati mmene mwiniwakeyo ankadziganizira.

Panali mwambo wina umene aliyense wobadwira m'dzikomo ankaudziwa, kuyambira wogulitsa zitumbuwa mpaka wokhala pampando. Dzenje lokumbidwa ndi adzukulu limakumbidwa m'dzina la munthu, ndipo dzuwa silimayenera kulowa mwini wake asanagonemo. Zikachitika kuti mwiniyo adakali moyo, monga zinachitikira chaka china pamene bambo wina woledzera anadzuka anthu akumusambitsa, ankadula thunthu la nthochi, kuliveka zovala zake, kulitchula dzina lake ndi kulikwirira. Thunthulo linkamusungira malo mpaka tsiku lake lenileni, ndipo chilichonse chogwera manda amenewo chinkagwera iyeyo. Woledzera uja anatuluka zithupsa kumsana chaka chimene nkhumba inafukula pamtumbira pake, ndipo mudzi wonse unaziona chifukwa ankazionetsa yekha kumowa.

Koma chimene Alufeyo ankachisamala koposa zonse chinali kamalo kena pansi pa mtengo wa mbawa, kudzanja lamanja la manda a mkazi wake Folomina, amene iye ankamutchula kuti Anangondo. Folomina anamwalira zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo. Ali pafupi kutsirizika anamuuza mwamuna wake kuti asadzamuikire mlendo pambali, chifukwa anakhala zaka makumi atatu akuzolowera phokoso la munthu mmodzi ndipo analibe mphamvu zoyambiranso ndi wina. Alufeyo analonjeza. Anadziyeza yekha ndi bango, n'kulisomeka kudenga, ndipo Loweruka lililonse ankapita ndi tsache kukasesa malo akewo. Manda onse anali atadzaza, koma pamenepo panali posalala ngati pabwalo la mkazi waukhondo, ndipo panalibe amene ankapafuna chifukwa onse ankadziwa mwini wake.

Mavuto anayamba ndi mwala. Pakuya pa manda a Chetechete khasu linkakumana ndi kamwala kotuwa, koterera, kodetsa zala ngati mtima wa pensulo. Alufeyo ankayenda nako m'thumba n'kumalembera mzere pa bango. Tsiku lina pamaliro mlendo wovala nsapato zikuluzikulu anamupempha kuti akaone, ndipo iye, pokhala munthu wosamana, anamupatsa tiwiri. Patatha miyezi isanu ndi umodzi wailesi yachifumu inalengeza kuti pansi pa phirilo papezeka chuma chotchedwa molibudenamu, chimene amasakaniza ndi chitsulo kuti chilimbe. Anthu anayesa dzinalo kawiri katatu, malilime anakana, ndipo anangokhazikika pa mawu akuti mwala wa Alufeyo.

Nkhaniyo anaitengera kubwalo lachifumu ndi Olemekezeka Mdyeratu, Nduna ya Zapansi pa Nthaka, munthu wonenepa bwino amene khosi lake linasowa chaka chimene analandira unduna. Wailesi inaulutsa mawu ake onse. Anati mgodi umenewu si wamwano ngati migodi ina imene imang'amba phiri pamaso pa anthu. Uwu ndi mgodi waulemu, wodzera pansi, wosasokoneza ngakhale nkhuku yoikira. Anati kampani ya Fukulani ndi Ana Awo yalemba lipoti la zachilengedwe la masamba mazana asanu ndi limodzi, ndipo analinyamula m'mwamba kuti nduna zione kulemera kwake. Nduna ina inafunsa ngati pali amene waliwerenga. Mdyeratu anayankha kuti lipoti lolemera chotero kuliwerenga n'kulikayikira, ndipo kukayikira si khalidwe la Avomerezani. Nduna zinawomba m'manja mpaka Mfumu inakweza chala.

Kumsika wa Tikadalipo mawuwo anafika pa wailesi ya wometa tsitsi. Amene anawalandira bwino ndi Mai Esinati, mng'ono wake wa Folomina, amene ankagulitsa tomato ndi mpiru wa kudimba la pakasupe. Anati nayenso mfuko ndi waulemu, amadzera pansi, koma chinangwa chimatha. Wogulitsa nyama ya mbuzi, amene paunyamata wake anagwirapo ntchito kumigodi ya kunja, anafotokoza zimene lipoti lija linkabisa pansi pa kulemera kwake. Kuti anthu agwire ntchito pansi ayenera kupopa madzi onse m'phirimo, ndipo kasupe sakhala ndi madzi ena apadera. Kuti apeze mwala wodzaza ndowa ayenera kupera miyala yodzaza malole, ndipo zotsalazo amazithira m'dziwe la matope a mankhwala limene silimauma ndipo mvula ikachuluka limasefukira. Ng'ombe zodya udzu wa pamenepo zimatsekula m'mimba n'kusuluka ubweya. Ndipo phiri likakhala lopanda kanthu m'kati, pamwamba pake pamatitimira.

Alufeyo anamva za madzi n'kudandaula monga anzake, koma atamva za kutitimira mtima wake unagunda kwina. Iye pansi ankapadziwa. Anaona m'maganizo mwake Folomina akutsetserekera m'mphanga ya kampani, kutali ndi mtengo wa mbawa, kutali ndi malo amene iye ankasesa.

"Alamu, mwatiitanira mlendo," anatero Esinati akumuponyera tomato wophwanyika mbali imodzi. "Anthu amapatsa alendo madzi akumwa. Inu mpaka miyala."

Alufeyo analandira tomatoyo n'kuchokapo osaponya nthabwala, ndipo amene ankamudziwa anaona kuti zinthu zafika poipa.

Malamulo a kampani yakunja ankafuna kuti eni dera afunsidwe, choncho Mdyeratu anabwera ndi magalimoto asanu ndi chimkuzamawu. Anafunsa ngati anthu a Tikadalipo akuvomera mgodi. Anthu a m'mudzimo anali atakhala chete pa zinthu zambiri m'moyo mwawo, koma pa madzi anatsekula pakamwa. Amene anakana analipo makumi asanu ndi anayi kudza atatu, ndipo wovomera panalibe. Nduna sinakhumudwe. Inamwetulira, n'kufunsa mokoma ngati pali amene akudziwa chiwerengero cha anthu amene ali kutchuthi pamwamba pa phiri. Apa Alufeyo analakwitsa kachiwiri. Funso la ntchito yake linamukoka lilime asanaganize, ndipo anayankha monyadira kuti alipo mazana anayi ndi khumi ndi awiri, ndipo angathe kuwatchula mayina.

Nduna inakwera phiri ikupuma wefuwefu, inaima pakati pa mitumbira, n'kuwerenga funso lija katatu pa chimkuzamawu. Inadikira mphindi zisanu zathunthu, chifukwa inali munthu wachilungamo. Panalibe amene anatsutsa. Mlembi analemba kuti anthu a dera la Chetechete avomera mgodi ndi mavoti ochuluka zedi, ndipo otsutsa ochepawo ndi anthu amene sanakhazikike m'deralo mokwanira.

Chimenechi chinamupweteka Alufeyo kuposa china chilichonse. Folomina, mkazi amene pamoyo wake wonse sanavomerepo chinthu ulendo woyamba, ngakhale ukwati umene, anali atalembedwa m'buku la boma ngati wovomera.

Kenaka panabwera za mwambo wotsekulira mgodi. Mfumu inayenera kubwera yokha, kutsika m'dzenje loyamba ndi fosholo yopaka golide, n'kujambulidwa. Koma Mfumu sinkagwirizana ndi dzuwa, ndipo m'dziko lonselo mthunzi unatsala pamalo amodzi okha. Mdyeratu anauza Mfumu kuti pamwamba pa phiri pali paki yokongola. Analamula kuti mitumbira yonse ifundidwe nsalu za mtundu wa mbendera, ndipo anayendayenda m'mandamo kufuna malo abwino okumbapo. Sanavutike. Anaima pansi pa mbawa, anaponda dothi losesedwa bwinolo ndi nsapato yake, n'kunena kuti pano ndiye, ngati kuti wina ankapakonzera Mfumu kwa zaka zambiri. Anafunsa amene amadziwa kukumba m'mudzimo, ndipo zala zonse zinaloza munthu mmodzi.

Alufeyo anatsika phiri. Anakapeza Esinati kudimba akuthirira mpiru, n'kumuuza kuti akana ntchitoyo, ngakhale amumange. Esinati anaika kheni yothiririra pansi. Anati akakana, Nduna ibweretsa chimakina chokumba, chimene sichidziwa pamene pathera malo a mwamuna ndi pamene payambira a mkazi.

"Alamu, inu mumadziwa kukumba dzenje la mtundu umodzi wokha," anatero. "Akuuzani kuti mukumbe. Kumbani mmene mumadziwira. Koma musaiwale kufunsa dzina."

Alufeyo anamuyang'ana. Anaona kuti mkamwa mwa Folomina simunathe monse, mwina munatsala mwa mng'ono wakeyu. Anaonanso kumene nzeruyo inkathera, ndipo kumeneko sikunamusangalatse.

M'mawa mwake anapita kwa Nduna, chipewa m'manja, nkhope ya munthu wosaphunzira. Anapepesa kuti iye ndi munthu wa mwambo, sakumba dzenje lopanda dzina, ndiye amafuna kudziwa kuti ili ndi la yani. Mdyeratu anati ndi la Mfumu. Alufeyo anati makutu ake ndi okalamba. Mdyeratu anabwereza mokweza pamaso pa anthu kuti ndi la Mfumu Sindikufa Wachinayi, ndipo woyamba kulowamo adzakhala iyeyo. Alufeyo anapempha kuti zilembedwe, kuopa kuti angaiwale, ndipo Nduna, imene inkakonda chidindo chake ngati mwana, inalemba n'kudinda kawiri.

Tsiku la mwambo adzukulu anayamba ntchito dzuwa likutuluka, ndipo Alufeyo sanakumbepo bwino chotero m'moyo wake wonse. Makona anali owongoka, makoma osalala, ndipo pansi anagoba kachipinda kam'mbali kamene amalowetsamo mwini dzenje kuti dothi lisamugwere pankhope. Anayala zingwe ziwiri pamwamba. Injiniya wa kampani, mzungu wa chipewa choyera cholimba, anasuzumira n'kuyamikira kudzera mwa womasulira kuti m'maiko onse amene anayendamo sanaonepo dzenje laukhondo chotero.

Mfumu inafika masana ndi magalimoto makumi awiri, bandi ya apolisi ili patsogolo. Nduna zinawomba m'manja. Koma amayi a Tikadalipo sanawombe. Anabwera atamanga nsalu m'chiuno, mipango kumutu, n'kukhala pansi miyendo atatambasula, ndipo anayamba kung'ung'udza nyimbo yapansipansi, chifukwa pafupi ndi dzenje la mtundu umenewo iwo ankadziwa nyimbo za mtundu umodzi. Mfumu inayenda pakapeti ikugwedeza litchowa lake, inafika pamphepete, n'kuyang'ana pansi. Litchowa linaima.

Alufeyo anatulukira atanyamula bango latsopano. Anagwada mwaulemu wonse.

"Mfumu ikhululuke, ndinakumba mongoyerekeza," anatero. "Amene timawakumbirawa nthawi zambiri timawapeza atagona. Ingoima chilili pang'ono."

Anaimika bangolo pambali pa Mfumu, kuyambira kuchidendene mpaka pamutu, anatulutsa kamwala kotuwa kaja m'thumba, n'kulemba mzere. Kenaka analiyala m'mbali mwa dzenje n'kugwedeza mutu mokhutira. Ananena kuti m'litali wakhoza, ndipo pamimba anali ataonjezera kale. Asilikali anasuntha, koma anaima okha, chifukwa nawonso anabadwira m'dzikomo ndipo ankadziwa kuti mdzukulu wogwira bango sagwidwa. Nthawi yomweyo kamphepo kanakweza nsalu imodzi ya mbendera, ndipo pansi pake panaoneka mtanda wathabwa ndi mbale yobooka.

Mfumu inafunsa ndi mawu aang'ono kuti dzenjelo ndi la yani. Alufeyo anapereka pepala lija la zidindo ziwiri. Mfumu inawerenga.

"Ndiye timati tifunse," anatero Alufeyo, "poti dzuwa layamba kupendeka. Kodi Mfumu ilowa tsopano, kapena iyambe yalankhula kwa anthu?"

Mfumu inatsekula pakamwa koma mawu sanatuluke. Kunangoti zii. Bandi inatsitsa malipenga. Anthu anadikira, ndipo Esinati, amene anakhala kutsogolo kwa amayi, ankayang'ana wotchi ya mlembi wa boma. Zitakwana mphindi zisanu anauza mlembiyo modekha kuti alembe, Mfumu yavomera.

"Sindinavomere," inatero Mfumu, mawu atabwerera mwadzidzidzi. "Ndinangosowa mpweya."

"Ndi vuto lomwelo la anzathu awa, Mfumu," anatero Esinati akuloza mitumbira ndi chibwano.

Zimene zinatsatira wailesi sinaulutse. Mfumu inatembenukira kwa Mdyeratu n'kumukumbutsa kuti Nduna ya Zapansi pa Nthaka ndi iyeyo, ndipo nthawi yakwana yoti akayendere dera la unduna wake. Mdyeratu anagwada, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti dokotala anamuletsa malo ozizira. Nduna zina zinayamba kubwerera chafutambuyo, chifukwa sizinadziwe ngati pamenepa n'powomba m'manja. Alufeyo anathetsa mkanganowo ponena kuti dzenje limadziwa dzina limodzi lokha, limene linakumbidwira, ndipo silimalandira woimira wina wa magazi.

Mfumu inkaudziwa mwambowo. Inaumva kwa mayi ake ili mwana, ndipo zaka zonse za kunyumba yachifumu sizinauchotse. Inayang'ana dzuwa pakati pa masamba, n'kufunsa monong'ona ngati m'mudzimo muli nthochi.

Nthochi inalipo, Esinati anali ataidula kale m'mawa. Adzukulu anabweretsa thunthulo, analidula molingana ndi mzere wa pa bango, ndipo Mfumu inavula yokha mkanjo wake wa ulusi wagolide ndi chisoti chake, n'kutsala ndi malaya am'kati ngati munthu wina aliyense. Analiveka thunthulo bwinobwino, n'kuliika pa zingwe.

Apa Alufeyo anaima. Mawu otsiriza anali ake, ndipo ankadziwa tanthauzo lake. Akangotchula dzina pa thunthulo, malo aja apita mpaka kalekale. Zaka khumi ndi chimodzi za tsache, bango la kudenga, lonjezo la pamphasa ya wodwala, zonse zikwiririka pamodzi ndi nthochi. Akanatha kunena kuti mwambo uli ndi njira ina, kuti dzenjelo lingofotseredwa, ndipo panalibe amene akanamutsutsa chifukwa mwini mwambo anali iyeyo. Malo ake akanabwerera. Koma mawa lake makina akanayamba kupopa, ndipo iye ndi Folomina akanadzagona limodzi pamwamba pa mphanga, kudikira kutitimira. Anamva chisoni chimene sanachimvepo chiikire mkazi wake, ndipo anthu anaona mdzukulu akulira pamanda koyamba m'mbiri ya mudziwo. Nduna zinayesa akulirira Mfumu, ndipo zina zinayamba kumuthandiza.

"Sindikufa Wachinayi," anatero Alufeyo, "malo ako ndi ano. Gona, umusungire mwini wako."

Zingwe zinatsika, thunthu linalowa m'kachipinda kake, ndipo dothi linabwerera dzuwa lidakali pamwamba pa mitengo.

Mtumbira utaumbidwa, Mfumu inaitana injiniya uja. Inafunsa ngati mgodi udzadutsa pansi pa malo amenewa. Injiniyayo, amene sanamvetse chilichonse mwa zimene zinachitika ndipo ankaganiza kuti ndi gule wa chikhalidwe, anayankha moona mtima kuti inde, pansi penipeni. Anati madzi adzawapopa onse, ndipo nthaka idzatitimira pang'ono, mwina mikono iwiri, monga zalembedwera pa tsamba la mazana asanu ndi makumi anayi la lipoti. Mfumu inatembenukira kwa Alufeyo n'kufunsa chimene chimachitikira munthu amene thunthu lake lauma ndi kutitimira. Alufeyo anapukuta maso n'kunena kuti sakudziwa, chifukwa sizinachitikepo, koma uja wa zithupsa nkhumba inangokanda pamwamba pokha.

Lamulo linatuluka pomwepo, Mfumu idakali m'malaya am'kati. Pansi pa phiri la Chetechete pasakumbidwe kanthu, ngakhale ndi wofuna mbewa. Mtengo wa pamenepo usadulidwe. Kasupe asaphwe, ndipo akaphwa Nduna idzafotokoza chifukwa. Asilikali awiri azilondera mtumbirawo kuopa nkhumba. Nduna zinawomba m'manja ndi mphamvu yomwe ija zinawombera mgodi. Sabata yotsatira Mdyeratu anasankhidwa kukhala Nduna Yoteteza Chilengedwe, ndipo lipoti lija linatulukanso ndi chikuto chobiriwira, masamba ake omwe aja.

Kampani ya Fukulani ndi Ana Awo sinapite kwawo. Inazula zikhomo zake n'kukazikhoma paphiri la Sitinamve, ulendo wa masiku awiri, kumene kunalinso mwala wotuwa, kasupe ndi manda a anthu ofatsa. Pasanathe mwezi adzukulu a kumeneko anafika pakhomo pa Alufeyo kudzabwereka bango lija. Iye anawauza kuti Mfumu ili ndi thupi limodzi lokha ndipo malo yapeza kale. Alendowo atagwetsa nkhope, anawakumbutsa kuti nduna zilipo makumi atatu, ndipo anawapatsa bangolo pamodzi ndi kamwala kolembera.

Kumsika tomato wa Esinati anapitiriza kufiira, ndipo anthu ankamunyamula Alufeyo m'mawu, ena mpaka kumugulira thobwa. Iye ankaseka nawo, koma nthabwala zake zinachepa.

Loweruka lina anasolola kudenga bango lake lakale, lija anadziyezera yekha, natenga tsache n'kukwera phiri. Asilikali anamulola chifukwa ankaganiza kuti wabwera kudzasesa pa Mfumu. Anasesa pa Folomina pokha, n'kukhala pansi pa muzu wa mbawa.

"Anangondo," anatero, "boma likuti inu munavomera mgodi osandifunsa. Inenso ndakuikirani mlendo pambali osakufunsani. Ndi wachifumu, ndipo pakali pano ndi wopanda phokoso. Ndimati mundikhululukire."

Anadikira. Pansi pa phiri kasupe ankamveka akuyenda, ndipo amayi ankatsuka ndowa. Kwa Folomina sikunachoke mawu. Malinga ndi lamulo la Vomerezani imeneyo inali inde, koma Alufeyo anakhala ndi mkaziyo zaka makumi atatu ndipo kukhala chete kwake ankakudziwa mitundu yake yonse. Uku kunali kuja kwa masiku amene ankabwera mochedwa kuchokera kumowa.

Anadzuka, nazungulira mandawo. Kumanja kunali Mfumu, kumanzere kunali apongozi ake, kumutu kunali tsinde la mtengo. Kumiyendo kwa Folomina kunali kampata kopingasa pakati pa mizu iwiri, kamene m'zaka zonsezo sanakawerengerepo ngati malo. Anagwada, nayala bango lake pamenepo. Malowo anaperewera chikhatho chimodzi.

Anayang'ana bangolo, nayang'ana mtumbira wa mkazi wake.

"Musadandaule," anatero. "Ndidzapinda maondo."

Ndipo anatola tsache n'kuyamba kusesa pamenepo.